Phala Amachita Kumwa

Mundikhululukire poti ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ndinalekezera Fomu 2, ndipo pagulu ndine munthu wokhala kumbuyo. Koma nkhaniyi imandibwerera ndikangokhala chete, ndiye ndati ndiyike papepala. Pomwe ndaphonya, mukonze nokha mumtima.

Kwathu ndi kufupi ndi doko la Kachulu. Bambo anatisiya kale, pakhomo tinatsala atatu: amayi, achimwene anga a kabaza, ndi ine. Amayi amagula matemba kwa asodzi, kuyanika, n'kukagulitsa ku Zomba. Ine ndinkawathandiza kutembenuza nsomba pathandala mpaka pamene m'mimba mwanga munayamba kuvuta, ndili ndi zaka makumi awiri. Ndinkathamangira kuchimbudzi pafupipafupi, nthawi zina ndi magazi, ndipo ndinaonda zoti anthu ankandipatsa moni mokayika. Tinayesa mankhwala a njoka za m'mimba, a kamwazi, ngakhale a TB, osasintha. Mapeto ake ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre, kumene anandiunika m'matumbo.

Dokotala wake anali mayi wochepa thupi, wolankhula mofatsa. Anati matumbo anga atupa ndipo ali ndi zilonda, matenda oti satheratu koma amatha kugona. Anati pali pena pamene njira yachepa kwambiri, ndipo pakapanda kuphwa adzachita kudula. Asanafike pa mpeni ankafuna matumbowo ayambe apuma. Anatipatsa zitini za ufa wonga mkaka, zomwe anthu akufuna kwabwino anapereka kuchipatalako, nati ndizisungunula ufawo m'madzi owiritsa ozizira, chifukwa muli zonse zimene thupi limafuna.

"Mpaka tidzaonanenso asadye chilichonse," anawauza amayi. "Azingomwa basi."

Amayi anavomera. Inenso ndinavomera.

Masiku otsatira sindiwakumbukira mwa ndondomeko, amangobwera ngati zidutswa za maloto. Ndinkagona pamphasa pakhonde, nkhope italoza kunyanja. Chaka chimenecho madzi anadzaza mpaka m'minda ya mpunga, ndipo dzuwa likakwera chilumba cha Chisi chinkaoneka ngati chanyamuka, chikulendewera pamwamba pa madzi popanda chochigwira. Ndikamwa kapu yanga, yokoma ngati bisiketi wonyowa, tulo tinkabwera mwakachetechete. Ndinkalota nyanja itaphwa, ine ndikuyenda pansi pake pouma, ndikutola matemba okazinga kale, othira ndi mchere womwe.

Amayi sankakhulupirira kuti munthu wamkulu angakhalire kapu. M'mawa wina anabwera ndi phala la mpunga, lamadzimadzi, lothira nsinjiro. Ndinafunsa chapansipansi ngati adokotala sanaletse. Iwo anaseka.

"Iwe, unamvapo kuti phala amadya? Phala amachita kumwa. Adokotala anati uzimwa."

Zinali zoona. Kwathu timamwa phala, timamwa thobwa, timamwa msuzi. Ndinamwa mtima uli m'malo. Mbiri itamveka kuti wodwala uja amaloledwa zakumwa, aliyense wodzandizonda ankabwera ndi chakumwa chake, wina thobwa, wina msuzi wa mlamba, ndipo ine ndinkalandira ndi manja awiri.

Posakhalitsa ululu unabwerera, magazi nawonso.

Tsiku lokaonana ndi dokotala amayi anali ndi nsomba padzuwa, choncho anandiperekeza achimwene. Dokotala atandifunsa ngati ndadyapo kanthu, ndinayankha mokondwa kuti ayi, ndimangomwa. Anandisindikiza pamimba, ine n'kudzipinda. Kenako anati nditchule zimene ndimamwa. Ndinatchula chimodzichimodzi, achimwene n'kuwonjezerapo msuzi wa mlamba, ati umawonjezera magazi. Dokotala anagwira pakamwa, anaseka pang'ono. Anati mawu ake ndi amene anaperewera. Chimene ankatanthauza chinali za m'chitini ndi madzi basi, china chilichonse ayi, ngakhale cha madzimadzi bwanji. Tiyambirenso. Koma zitini zimene zinatsala zinali zokwanira kuyesa kamodzi kokha, ndipo zikakanika, watsala ndi mpeni.

Mu minibasi pobwerera achimwene anandiuziratu kuti iwo sakayamba nawo amayi, ndikawauze ndekha. Titafika anakwera njinga yawo n'kusowa.

M'mawa mwake phala linabwera. Ine chibadwire ndinali ndisanawakanirepo amayi kanthu, ngakhale nsapato zothina ndinkavala n'kuthokoza. Mbaleyo inaima patsogolo panga, manja anga ali pamiyendo.

"Amayi, sindimwa."

Ndinafotokoza zonse zimene dokotala ananena. Iwo anamvetsera ali chiimire.

"Ndiye phala langa ndi limene likukudwalitsa?"

Ndinati ayi, si choncho. Anatembenuka n'kukathirira abakha phalalo.

Kwathu kukana chakudya cha munthu kuli ngati kumunena kuti wathiramo kanthu. Nkhani inafika kumathandala tsiku lomwelo. Ena ankati mwana sangakane za m'manja mwa mayi ake popanda chimene waona. Ena ankakumbutsana za imfa ya bambo. Amayi ankabwerako madzulo atatseka pakamwa, kuphika, kudya ndi achimwene kuseri, osandiyang'ana. Amene ankandiseketsa anali mmodzi yekha, mayi wina wachisilamu woyanika nsomba moyandikana ndi amayi. Ankaima pamsewu dengu lili pamutu n'kundifunsa kuti iwo mwezi anauona ndipo anamasula kusala kudya kalekale, nanga wanga mwezi udzaoneka liti?

Ufa ndinkasungunula ndekha kuseri kwa nyumba. Njala yeniyeni sindinkaimva, koma mano ankasowa ntchito. Ndinkadzidzimuka ndikutafuna mphepo. Utsi wowamba milamba ukabwera ndi kamphepo ka kunyanja, ndinkatseka maso n'kuutsatira: kudutsa doko, kudutsa udzu wa njedza, mpaka kutizisakasa toyandama ta asodzi, kumene ndinkadziona nditakhala pamoto ndi anthu osawadziwa, akundigawira mutu wa nsomba. Ndikatsegula maso, mbalame zoyera zinali zikudutsa mumzere, ndipo sindinkadziwa ngati kukucha kapena kukuda.

Kangapo konse ndinatsala pang'ono kupempha phala, kuti nkhope ya amayi ibwerere. Mawu ankafika pakhosi. Ndiye ndinkagwira pamimba, pamalo pamene dokotala analoza kuti adzadula, n'kuwameza mawuwo.

Tsiku lina masana ndikutunga ufa, wina unatayikira pansi. Ndinagwada kuti ndiwole wapamwamba. Sindinadziwe kuti amayi akundiona mpaka pamene anandilanda sipuni.

"Bweretsa kuno. Ukutaya mankhwala ngati pali ena."

Anandifunsa masipuni angati, madzi ofika pati. Anatsuka kapu kawiri, anasungunula mosamala mpaka zibuluma zonse zitatha. Ndinatambasula manja kuti ndilandire, koma iwo anandidutsa, anazungulira nyumba mpaka kumaso, pafupi ndi msewu pamene azimayi ochokera kudoko ankadutsa ndi madengu awo. Anandiitanira pomwepo. Ndinagwada, ndinalandira, ndinamwa onse akuona. Amayi anaima mpaka kapu itatha.

"Wakhuta za m'manja mwanga mwana wanga," anatero, osayang'ana munthu aliyense.

Kuyambira pamenepo chitini chinkakhala kuchipinda kwawo. Wobwera ndi thobwa ankamubweza okha pakhomo, mwaukali woposa umene ine ndikanakwanitsa, mpaka ndinkachita manyazi n'kumathokoza munthuyo ndili m'nyumba. Kumathandala nkhani ija inazilala, anthu anapeza ina.

M'mimba munayamba kukhala bata pang'onopang'ono, ngati nyanja mphepo ya mwera ikaleka. Magazi anasiya. Ndinayamba kugona osadzidzimuka, kenako kuyenda mpaka kudoko n'kubwerako osapumira panjira. Mpunga unacha, anthu anamweta, kuzizira kunayamba, ine ndikadali pa kapu.

Ulendo wotsiriza tinapita ndi amayi. Anandiyeza magazi, anandiunikanso, tinadikira pabenchi nthawi yaitali. Dokotala atatiitana anati kutupa kwaphwa ndipo njira ija yatseguka mokwanira. Anati matendawo angogona, mapiritsi ndisasiye ndipo ndizibwerabe kudzaonedwa, koma ndikhoza kuyamba zofewa pang'onopang'ono, ndipo za kudula tiziike pambali. Amayi anawomba m'manja mwaulemu, kawiri, mutu uli pansi. Inenso ndinathokoza.

Pobwerera anagona tulo mu minibasi tisanafike n'komwe ku Zomba, mutu wawo uli paphewa langa, ndipo ndinakhala osagwedezeka njira yonse kuti asadzuke. Nkhani ya mpeni inatha tsiku limenelo, Lachinayi, pa 6 Juni 2024.