Laimu pa Matayala a Bambo Mbewe

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, amene ankagulitsa zitumbuwa pa Kamwendo. Matipate anali atangolowa kumene, aliyense akuimba kuti zinthu zasintha, koma ine ndinkangokhala pakhomo ndi satifiketi ya JC m'sutukesi, mkazi ali ndi pakati. Azakhaliwo anamva kuti a Mbewe, mkulu wina amene anali dalaivala ku migodi ya ku Zambia, akufuna munthu wosamalira galimoto yawo. Ndinapita m'mawa mwake nditavala malaya obwereka.

Galimotoyo inali yakalekale, yakuda, yaitali, ndipo inkatuluka m'galaja pa maukwati pokha. A Mbewe sanandionetse injini. Anagwada n'kuloza matayala. Lililonse linali ndi zilembo zoyera zotukuka, khumi ndi zinayi.

"Awa ndinachoka nawo ku Kitwe, kuno sungawapeze," anatero. "Ukawasamala chaka chathunthu, Fanuwelo, ndidzakuphunzitsa kuyendetsa."

Mawu amenewo ndi amene anandikola. Malipiro anali a mchere ndi sopo basi, koma ine ndinkadziona kale nditagwira chiwongolero.

Zida zanga zinali ndowa ziwiri, sopo wochapira, burashi yolimba, mswachi wakutha, phulusa losefa, kachidutswa ka sandipepala wosalala, ndi nsanza ziwiri, ya pakuda ndi ya poyera, zimene sizinkaloledwa kukhudzana. Umayamba watsuka tayala lonse. Kenako umatenga chilembo chimodzichimodzi: kunyowetsa, kupaka phala la phulusa ndi sopo, kukwecha ndi mswachi mpaka m'makona, kutsukuluza. Chikakana, umadutsitsa sandipepala wonyowa mopepuka. Petulo, palafini ndi oyilo wakuda uja anyamata a pa siteji amapaka kuti matayala aziwala, zonsezo a Mbewe sankafuna n'kuziona komwe.

Ntchito imeneyi ndinkadana nayo, ndisaname. Dothi la kwathu kuno n'lofiira ndipo silimva sopo. Choputa mtima kwambiri n'chakuti zilembozo zinkada zokha ngakhale galimoto itangokhala m'galaja mwezi wonse. Mawondo anachita zikang'a, zala zinasupuka. Anzanga ankanditcha mphunzitsi wa matayala, ati ndimakhalira kuwerengetsa mphira a, e, i. Ndikamaliza, a Mbewe ankabwera, kuwerama, n'kudutsitsa chala chachikulu pa chilembo chilichonse.

"Ichi chikadali mtulo," ankatero. "Chidzutse."

Ndinkayankha kuti chabwino bambo, koma mumtima ndikutukwana.

Ndinapirira miyezi khumi ndi umodzi. Utatsala umodzi wokha, kunabwera ukwati wa mwana wawo wamkazi, Esinati, ku tchalitchi china cha kwa Mlonyeni. Mvula inali itayamba. Lachisanu galimoto inakatenga achibale kumidzi ndipo inabwerako ili matope okhaokha. Loweruka m'mawa ndinali ndi maola awiri basi. Ndinatsuka thupi lonse, magalasi, mipando, amayi omanga maliboni akundipondaponda. Pamene inkakwana 8 koloko ndinali nditamaliza tayala limodzi lokha, ndipo akuchikwati anali atayamba kufuula kuti tachedwa.

Pafupi ndi mpanda panali ndowa ya laimu wotsala. Dzulo lake anthu anali atapaka miyala ya m'mbali mwa njira ndi matsinde a mitengo, monga timachitira kukamabwera alendo. Ifenso kusukulu tinakula tikupaka miyala akamabwera oyendera masukulu. Ndinadzifunsa kuti, ngati mwala wofiira umayera ndi laimu, chilembo chingakane bwanji? Ndinatola nthenga ya nkhuku, kuviika m'ndowa muja, n'kuyamba kulemba. Posakhalitsa matayala atatu aja anayera mbee, kuposa lija ndinalivutikira. Ndiye ndinapakanso lomwelo kuti afanane.

A Mbewe anasuzumira ali pakhonde, akumanga tayi. "Lero zadzuka zonse!" anatero. Analibe nthawi yoti agwire.

Iwo anayendetsa okha, mkwatibwi ali kumbuyo. Ine ndinakwera lole ya akwaya. Titangosiya msewu wa tala, kunayamba kuwaza, ndipo msewu unali zithaphwi zokhazokha. Anzanga ankaimba, ine ndikungoganiza za laimu uja.

Titafika pa tchalitchi ndinaona ndili pamwamba pa lole. Laimu yense anali atasungunuka n'kuyenderera pa tayala ngati zitosi za nkhuku, zilembo zili psuu ndi dothi limene sindinalichotse. A Mbewe anatsika kuti akamutsegulire mwana wawo chitseko. Anayang'ana pansi n'kuima. Kenako anagwada m'matope momwemo ndi suti yawo yakuda, anthu onse akuona, n'kudutsitsa chala chija pa chilembo. Chinatuluka choyera. Nthungululu za amayi zinazilala, ndipo Esinati anakhala m'galimoto kudikira kuti wina amutsegulire.

Sanakalipe. Anangondifunafuna ndi maso mpaka atandipeza.

"Fanuwelo, galimoto yanga wayisandutsa mwala wa pasukulu?"

Anthu anaseka, ine kulakalaka nthaka itandimeza.

Lolemba ndinalawirira ndi ndowa zanga, ndikuganiza kuti ntchito yatha. A Mbewe sanandichotse. Anandikhazika pa benchi ya m'galaja.

"Zilembozi n'zoyera kale mkati mwake," anatero. "Ndinakulemba kuti uzichotsa litsiro, osati kulibisa. Munthu wopaka laimu pa tayala, tsiku lina adzamanga buleki ndi waya n'kunyamula anthu. Makiyi sindikupatsa."

Ndinagwada, ndinapepesa, ndinawakumbutsa kuti kwatsala mwezi umodzi. Azakhali anga nawo anabwera kudzandipepesera. A Mbewe anangoti ayi, n'kundipatsa mswachi. Laimu anali ataumira m'ming'alu ya mphira, ndipo ndinatha sabata yathunthu ndikumutokosa ndi kamtengo ka machesi. Ndinakhalabe miyezi inayi ndikuyembekeza kuti mtima wawo ufewa. Sunafewe, ndiye ndinasiya.

Kuyendetsa ndinaphunzira patapita zaka zisanu ndi chimodzi, mwana wanga uja ali kale kusukulu. Mpaka lero ndimaona kuti a Mbewe anandilanga mopyola muyeso, ndipo ndikakumbukira zimandiwawabe. Miyezi khumi ndi umodzi ya mawondo inapita ndi nthenga imodzi ya nkhuku.

Panopa ndimayendetsa minibasi ya Kamwendo ndi Lilongwe. Nthawi zina buleki ikayamba kulira, minibasi ili yodzaza, kondakitala amandinong'oneza kuti, "Adala, tingomanga kaye ndi waya, palibe aone." Pamenepo ndimaona chala choyera chija. Ndimapsa mtima, ndimatukwana chamumtima monga kale, kenako ndimazimitsa injini n'kuuza anthu kuti atsike.