Mpeni Wong'ambira Nsungwi

Kukamacha, mayi wa zikupizo ankakhala atadzuka kale. Ankapemphera atagwada pambali pa bedi, kenako n'kukankhira tebulo pazenera, pomwe kuwala kumayambira kulowa. Guluu ankapaka kunja kusanatenthe, chifukwa dzuwa likakwera amauma nsalu isanagone bwino patimitengo ta nsungwi, chikupizo n'kumapindika mokhota. Mumsewu wawo, kutchalitchi, ngakhale pabenchi ya kuchipatala, munthu akamadzikupiza ndi chikupizo cha maluwa, inali ntchito ya manja awo.

Ankati kale chikupizo chinali ulemu: mkwatibwi ankabisa nacho manyazi, wamasiye misozi. Ana awo akawaseka kuti masiku ano kuli mafani amagetsi, iwo ankafunsa ngati fani inayamba yaperekeza munthu kumanda.

Mwana wawo wamkazi, wophika buledi, ndiye ankakhala nawo. Ndiye anayamba kuona kapu ikugwedera m'manja mwa mayi ake. Kenako anapeza magazi pansalu yoyera, chala chitamangidwa ndi kansanza. Kuntchito mtima sunali m'malo. Foni ikangolira ankati basi, mpeni uja wafika pamtsempha, pakuti mpeni wong'ambira nsungwiwo unali wakuthwa ngati lumo.

Tsiku lina anauponya m'chikwama n'kupita nawo kuntchito.

Mayiwo sanafunse. M'mawa mwake anapemphera, anakankha tebulo, n'kukhala pazenera manja ali pamiyendo. Mawa lakenso chimodzimodzi. Tiyi anayamba kuzizirira m'kapu. Achimwene ake a wophika bulediyo anamuuza pafoni kuti wachita bwino, asayerekeze kubweza mpeniwo, mayi apume. Koma iwo ali kutali, sakuona momwe diresi likukulira pathupi pa mayi.

Lero wophika bulediyo waima pakhomo la chipinda, chikwama paphewa, minibasi zikuimba kale mabelu kunja. Akabweza mpeni, akuopa magazi. Akapita nawo, akuopa zii ameneyu. Mayi ake amufulatira, akuyang'ana tebulo lopanda kanthu.

Akukumbukira m'mawa wina, manja a mayi ake asanayambe kuvuta. Anali atachedwa ngati lero, ndipo anathamangira minibasi osayankha funso lawo. Mayi ake analifunsa uku akupinda nsalu, osatukula n'komwe mutu.

"Mwana wanga, tsiku udzandione ndikunjenjemera, usadzandilande mpeni. Udzakhale pambali panga, udzandigwire dzanja ndikamang'amba. Udzatero?"