Nambala ya Msonkho M'thiranki ya Maliro

Mu Ogasiti 2009, Mayi Tinenenji Kachingwe adaima paphulusa ku Meriting atagwira theka la khadi. Moto udayambira pachitofu cha parafini cha nyumba yoyandikana nawo dzuwa lili paliwombo, ndipo mphepo ya mwezi umenewo sinyengerera munthu. Pamene ankabwera kuchokera m'tauni ya Rustenburg komwe adakagula ulusi, adapeza shopu yawo yosokera itatha. Makina atatu adapindika. Pasipoti ndi chitupa chokhalira mu Joni zidali m'kachitini ka mabisiketi, ndipo zonse zidapserera momwemo.

Chidatsala ndi pepala lawo la msonkho, lija adalidula bwinobwino n'kulimatitsa pulasitiki kuti likhale khadi losanyowa. Pulasitikiyo idasungunuka n'kudya manambala. Pa manambala khumi, ankawerengeka anayi okha.

Mayiwa adachokera ku Ntcheu kutsata amuna awo amene ankagwira ntchito mumgodi wa pulatinamu. Amunawo atamwalira, iwo sadabwerere kumudzi. Adayamba kusoka maovolosi a anthu a m'migodi, adalembetsa ku ofesi ya msonkho, ndipo zinthu zidawayendera. Kubungwe la maliro la Amalawi, lomwe linkakumana Lamlungu loyamba la mwezi, ankafika atatchena moti amayi anzawo ankachita kuwafunsa kogula nsalu.

Ndiye moto utawavula, manyazi adawagwira kuposa umphawi. Adachoka ku Meriting osatsanzika, n'kukapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ina ku Cashan komwe ankachapa ndi kukolopa. Nambala ya foni adasintha. Akaona Mmalawi wowadziwa pa renki ya matekisi, ankawerama ngati akukonza nsapato. Inu amene mudagwapo mukudziwa zimene ndikunena. Kugwa kumapweteka, koma kuopa kuti anzako akuone uli pansi kumapweteka kuposa apo.

Zaka ziwiri zidadutsa chonchi. Mayiwa sadangokhala manja lende ayi. Adayenda maulendo ambirimbiri mpaka adapeza pasipoti yatsopano ndi chitupa chawo. Loweruka lililonse masana ankapita kwa a Abdallah, telala wa ku Mangochi amene adali ndi kashopu m'tauni, kukabwereka makina kuti manja asaiwale ntchito. A Abdallah sadali a bungwe lija, choncho kwa iwo Mayi Tinenenji sankabisala.

Tsiku lina mu Okutobala 2011, a Abdallah adawalandira ndi nkhani.

"Mayi, kuli kontirakitala akufuna munthu womata malamba owala pamaovolosi mazana atatu. Akakhutira, ntchitoyo izibwera mwezi ndi mwezi. Ine mapepala anga sakundilola, koma anu ali bho. Chokhacho, akufuna pepala la msonkho pofika Lachisanu folo koloko. Apo ayi apatsa wina."

Lolemba m'mawa Mayi Tinenenji adali kale pamzere ku ofesi ya msonkho, theka la khadi lili m'chikwama. Nthawi yawo itakwana, adakhala pamaso pa kalaliki wachitsikana wa Chitswana. Mtsikanayo adayang'ana khadi lakupsalo, adalemba nambala ya pasipoti pakompyuta, n'kupukusa mutu.

"Mme, kompyuta imakudziwani ndi pasipoti yakale. Yatsopanoyi siikuidziwa. Mundibweretsere nambala yonse ya msonkho ndi kope ya pasipoti yakale ija, ndiye ndilumikiza."

"Mwana wanga, zonsezo zidapsa. Bwanji ungondilembetsa mwatsopano?"

"Munthu salembetsa kawiri, mme. Ndingakuikeni m'mavuto."

Lachiwiri adabweranso ndi kapepala komwe adalembapo manambala asanu ndi limodzi otsalawo monga mmene mutu unkawauzira. Mutu udawanamiza. Kuchoka apo adakafuna munthu amene kale ankawadzazira mafomu, n'kupeza kuti pamene padali ofesi yake pakugulitsidwa nkhuku zowotcha. Lachitatu adapita kusitolo komwe ankagula nsalu pa pikulitsa, poganiza kuti mwina adasiyako kope. Eni ake adafufuza mokoma mtima, koma sadapeze kanthu.

Madzulo a tsikulo adakhala pampando wa makasitomala mushopu ya a Abdallah, miyendo itatupa. A Abdallah adaimitsa makina.

"Koma mayi, si inu mudandiuza kuti kubungwe lanu lija amasunga mapepala a munthu aliyense?"

Apa ndifotokoze pang'ono kwa amene simudakhalepo kunja. Mmalawi akamwalirira ku Joni, kuti thupi lake lidutse malire kupita kumudzi pamafunika mapepala, ndipo machona adaphunzira kalekale kuti tsiku la maliro si tsiku lofufuza m'masutikesi a womwalira. Choncho aliyense wolowa m'bungwe lija ankapereka makope a mapepala ake onse, n'kuwatsekera mu envelopu yolembedwa dzina lake. Wosunga maenvelopuwo adali Bambo Benard, mkulu wa ku Dedza amene adapuma ntchito ya mumgodi n'kukhazikika ku Moruleng.

Mayi Tinenenji ankadziwa zimenezi kuyambira Lolemba. Ankangozilambalala.

"Ndikawayang'ana bwanji, achimwene? Ndinawathawa ngati ndawabera."

"Nanga munawabera?"

"Ayi."

"Ndiye kwerani tekisi. Mawa ndi Lachinayi."

Ulendo wa ku Moruleng ndi wa ola limodzi, koma kwa iwo udatalika. Kawiri konse adafuna kuuza dalaivala kuti awatsitse. Atafika adaima pageti nthawi ndithu, akukonza mpango umene udali wokonzeka kale.

Bambo Benard adali pakhonde akusenda malalanje. Adakweza maso, mpeni udagwa.

"Hau! Ndi inu, mayi a kwa Kachingwe, kapena maso angawa ayamba kunama? Tinakufunani kuzipatala. Tinakufunani mpaka kumochale. Mnzanu wa kubungwe uja, Mayi Violet, analira mwezi wathunthu. Munali kuti?"

"Ndinali ku Cashan konkuno, bambo. Ndinkachita manyazi."

"Manyazi a chiyani? Moto munauyatsa ndinu?"

Apa Mayi Tinenenji adakhala pansi pakhondepo n'kulira, kulira kumene adakusunga zaka ziwiri. Mkuluyo sadawatonthoze ndi mawu ambiri. Adawapatsa lalanje n'kudikira.

Atamva chimene abwerera, adalowa m'nyumba akutsokomola chifuwa chake cha mumgodi, n'kukoka thiranki yachitsulo mpaka pakhomo. Munali maenvelopu akhaki osanjidwa bwino. Adayendetsa chala mpaka adapeza yolembedwa dzina la mayiwa, ndipo asanaipereke adayamba waigwira kaye m'manja.

"Zaka makumi awiri ndakhala ndikutsegula thirankiyi. Nthawi zonse ndikamatulutsa envelopu, mwini wake amakhala atagona m'bokosi. Inu ndinu woyamba kubwera ndi miyendo yanu kudzaitenga nokha."

Mkatimo munali kope ya pasipoti yakale, ndiponso kope ya pepala la msonkho, manambala onse khumi ali mbee.

Lachisanu Mayi Tinenenji adali munthu wachisanu ndi chiwiri pamzere ku ofesi ya msonkho. Kalaliki uja adawazindikira n'kuwakodola. Adalemba nambala ija, adafananiza mapasipoti awiriwo, adawasainitsa fomu, ndipo makina osindikizira adayamba kulira. Mtsikanayo adadinda pepala latsopano n'kulipereka ndi manja awiri.

"Mwabwerera, mme."

Pokwana thuu koloko pepalalo lidali pa tebulo la kontirakitala. Ntchito idapatsidwa kwa Mayi Tinenenji.

Maovolosi oyambawo adawasokera pamakina a a Abdallah, akusinthana nawo mpando. Pofika pakati pa 2012 adali ndi chipinda chawochawo m'tauni, makina awiri, ndi amayi awiri owathandiza. Mmodzi mwa amayiwo adali Mayi Violet, amene sabata yoyamba adaitha akuwakalipira chifukwa chothawa, kwinaku akuwadyetsa zitumbuwa.

Kope ya pepala latsopano adaipititsa okha ku Moruleng. Bambo Benard adaiika mu envelopu, adamata, n'kutseka thiranki.

"Iyi ndiye musafulumire kudzaifuna. Ndipo tsiku limenelo lisadzandipeze ine."

Inu amene mukuwerenga, mwina pali pepala limene lakutsekerani njira, kapena ntchito imene ikukudutsani mukuiona. Yendani maofesi, imani pamizere, bwererani mawa akakubwezani lero. Koma dzifunseninso ngati palibe khomo limene mukulilambalala chifukwa anthu a kumeneko adakudziwani muli pabwino. Anthu amenewo mwina akukufunafunani mpaka lero. Musataye mtima, ndipo musabisale. Nyamukani mukagogode.