A Chitsekero ndi Makonekita Awo

Pashopu yokonzera mawailesi olankhulirana, aliyense ankawatchula kuti a Chitsekero. Ntchito yawo inali kuyeza mawailesi akakonzedwa, koma mtima wawo unali pa makonekita, tizitsulo tolumikizira mawaya ku makina oyezera. Kalikonse ankakapukuta ndi thonje la sipiriti, n'kukaveka kachitsekero kapulasitiki, n'kukagoneka m'dirowa yake. Tagolide ankatisunga patokha. Waya ankaupinda mozungulira, osauthyola, ndipo munthu akauponda ankamuyang'ana mpaka apepese.

Wowasowetsa mtendere anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, yemwe ankawotcherera pabenchi loyandikana ndi lawo. Iyeyo ankachotsa fumbi pouzira ndi pakamwa, ndipo ankamanga konekita ndi pulayala ngati akumanga mpope wa madzi. A Chitsekero sankamukalipira. Ankakanena kunyumba, akazi awo n'kuyankha kuti akamuuze okha, naye ali ndi makutu.

Shopu itasamukira m'nyumba yosanja, a Chitsekero anakana kuti madirowa awo akwere lole pamodzi ndi mabenchi. Anati anyamula okha. Anawasanjikiza mpaka pachibwano, n'kuyamba kukwera masitepe osaona pansi. Atatsala pang'ono kufika pamwamba anaphonya sitepe. Madirowa anatsogola, iwo n'kutsatira.

Anthu anathamanga kuti awadzutse. Iwo ali chigonere, phazi litapotoka, anakweza dzanja.

"Musaponde," anatero.

Anakana kunyamulidwa mpaka zonse zitatoledwa. Akuluakulu anagwada n'kumakwawa pamasitepe, ndi abwana omwe, galimoto yopita kuchipatala ikudikira panja.

Fupa linali litathyoka, ndipo anakhala kunyumba ndi chikhakha. Chakudya sichinkalowa. Akazi awo anaganiza kuti ndi ululu, koma mlamu uja anadziwa. Loweruka anabwera ndi chidebe cha penti, makonekita onse ali pamodzi m'menemo ngati misomali. A Chitsekero anasuzumiramo, n'kutsinzina kaye.

"Mwayendetsa bwanji, alamu?"

"Panjinga."

Anayala thaulo loyera patebulo, n'kuuza mlamuyo kuti akasambe m'manja. Anasankha awiriwiri mpaka dzuwa kupendeka. Mlamu anauzira kamodzi kokha, ndiponso mobisa. Topindika tinapezeka tingapo, ndipo a Chitsekero anatikulunga papepala, osalola kuti titayidwe.

Atachira anabwerera kuntchito ndi ndodo. Anapeza benchi lawo atalitsitsira pansi, pafupi ndi khomo, pamene pamadutsa aliyense ndi fumbi la mumsewu. Anadandaula sabata yonse, kenako anagula nsalu yophimbira madirowa awo.