Kabokosi ka Chidindo

Ndili pachionetsero cha zamalonda, patebulo lathu la mapampu a madzi. Fomu yoti alembepo ofuna kuti tidzawaimbire foni ndi yaitali ngati nsalu, yatsika patebulo mpaka kukatulukira pageti. Anthu akungoilumpha n'kumapita.

Abwana aima pambali panga ndi sizasi ya telala. "Dulani, akulu. Koma mukabwera opanda mayina a makampani, ntchito yatha."

Ndikudula. Mzere wa adiresi wagwa pansi, ukukwawa ngati bongololo. Wa dzina la kampani nawo wagwa. Ndasiya nambala ya foni ndi kabokosi kodindapo, poganiza kuti chidindo cha kampani chinena zonse.

Tsopano anthu akuima. Kutsogolo kuli mayi wa suti yobiriwira, mwini minda ya nzimbe, ndipo akufuna mapampu odzaza lole. Akutulutsa m'chikwama chidindo chachikulu ngati mtondo.

"Achimwene, ndidinde pati? Kabokosi kanuka ndi diso la nkhuku."

Akudindabe. Inki ikusefukira, yamiza nambala ya foni, ikudontha pansapato zanga. Ndikupukuta ndi tayi, pepala likungoderatu. Potukula mutu, mayi aja ali kale pamwamba pa lole yomwe ikupita, akuchepa patali.

Abwana akunyamula pepala lonyowalo ndi zala ziwiri. "Fomu yafupika bwino. Tiwerengereni dzina."

Ndikutsegula pakamwa, mukutuluka inki yokhayokha.

Ndadzuka thupi lili lolemera, ndipo ndakhala nthawi yaitali m'mphepete mwa bedi, osafuna kuvala.