Phulusa la Mlonda wa Pakhomo

Chaka chimene bambo anadwala chifuwa, ine ndinali m'kalasi ya ubatizo, ndiponso ndinkaphunzitsako ana kuwerenga pasukulu ya m'mudzi mwathu kwa Dzoole. Bambo anali atasenza katundu wa mmwenye wina wa sitolo ku Dowa kwa zaka zambiri, kuchokera kunyanja kukwera naye mapiri. Atamva za matendawo, mmwenyeyo anabwera yekha wapansi, atafumbata kanthu m'nsalu yofiira.

Chinali chithunzi cha papepala lolimba: munthu wakuda bii, maso ali psuu, mano ali pamtunda, mkanda wa zigaza m'khosi, galu ali pamapazi pake. Ndinabwerera m'mbuyo.

"Usaope, mphunzitsi," anatero akuseka. "Mulungu wathu ndi wofatsa, koma akaima pakhomo kulonda amavala nkhope iyi. Sakukalipira iwe. Akukalipira chimene chikufuna kulowa."

Anati chithunzicho anampatsa ndi amayi ake tsiku limene ankakwera chombo kwawo. Anachikoleka yekha pamwamba pa chitseko chathu. "Ndakubwerekani. Bambo ako akachira ndidzatenga." Ndinawomba m'manja n'kuthokoza, poti kukana sindinkadziwa.

Patapita masiku anayi kunabwera mkulu wa mpingo kudzapempherera bambo. Anaima pakhomo, osalowa.

"Iwe mwana wa kalasi, chilombo cha gule chikutani pakhomo pano?"

"Si cha gule, abambo. N'cha mmwenye, wangotibwereka."

"Chigoba ndi chigoba basi. Ubatizo ndi Sabata likudzali. Usankhe wekha."

Ndikanatha kuchikulunga n'kukachibweza ku Dowa, ulendo wa tsiku limodzi chabe. Koma mkuluyo anali chiimire akundiyang'ana, ndipo ndinkafuna aone kuti ndine womvera. Ndinakoleza moto kuseri kwa nkhokwe n'kuchiponyapo. Galu uja ndiye anamalizira kupsa.

Ndinabatizidwa. Bambo anamwalira pasanathe milungu iwiri.

Mmwenye uja anabwera kudzapepesa maliro. Anakhala pamphasa nthawi yaitali, kenako anandiitana pambali. "Kamwana kanga kakutentha thupi, sikakuyamwa. Ndipatse mlonda uja ndibwerere naye."

Ndinamuuza zonse nditawerama. Ndinkadikira kuti andilalatire, ndipo bwenzi zitandipepukira. Iye anangofunsa kuti, "Unatenthera pati?"

Ndinapita naye kuseri kwa nkhokwe. Mvula inali isanagwe, choncho phulusa linalipobe, ngakhale nkhuku zinali zitalipalasa. Anagwada, n'kutapa pang'ono ndi zala zitatu, n'kudzipaka pamphumi. Lina analikulunga m'nsalu yofiira ija, imene amayi anga anali atasunga m'dengu.

"Amayi anga anamugwira ndi manja awo," anatero, koma sankauza ine.

Ndinamperekeza mpaka kumtsinje. Za mwanayo sindinafunse, ngakhale kwa amtengatenga anzawo a bambo, chifukwa ndinkaopa yankho lake. Kuyambira pamenepo mchere ndinkakagula kwina kutali, kuti ndisadutse pakhomo pa sitolo yake.