Wailesi Yogunda Yameza Mawu a Mayi Zuze

Sabata ino musayembekezere nthabwala kwa ine. Ndakwiya, ndipo wondikwiyitsayo ali ku Limbe, mwina panopa akudula mawaya a galimoto ya munthu wina uku akuimba mluzu.

Ine ndimatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu ku Chitawira. Tili ndi nyimbo ina imene sinalembedwe paliponse. Anaibweretsa ndi Mayi Zuze a ku Nancholi, amene anaiphunzira kwa mayi awo ochokera ku Mozambique. Sopulano yake aliyense amaidziwa. Koma alito, mawu apakati aja amene amakometsa nyimbo, ankaisunga ndi Mayi Zuze okha. Anzawo ankangowatsata pambuyo ngati anapiye.

Chaka chino Mayi Zuze anadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panapotoka, kuimba kunathera pomwepo. Tinagwirizana kuti Loweruka tikawaimbire nyimbo yawoyo kunyumba kwawo. Poyeserera m'pamene tinazindikira kuti palibe amene akuidziwa alito yonse. Mwamwayi, wina anatijambulapo tikuimba paukwati, n'kutiikira pa fulashi. Mawu a Mayi Zuze alimo, koma chapansipansi. Pafoni simungawatole, chomveka ndi sopulano basi.

Nzeru yanga inali yoti amayi a alito alowe m'galimoto mwanga, titseke mawindo, timvetsere mobwerezabwereza mpaka tiigwire. Vuto n'lakuti kagalimoto kanga n'kaja kochokera ku Japan. Wailesi yake inalibe pobaya fulashi, ndipo m'mawa uliwonse ndikailiza galimotoyo, mayi wina wa m'wailesimo ankandipatsa moni m'Chijapanizi. Koma masipika ake, abale, munthu akamaimba mumachita ngati wakhala pampando wapambali panu.

Lachiwiri ndinapita ku Limbe, m'kasitolo kena ka mawailesi a galimoto. Mwini wake anandilandira ndi manja awiri.

"Mwafika mami! Ndine Mose, za sawundi mu Limbe muno mufunse aliyense."

"Ndikufuna wailesi yobaya fulashi, yotulutsa mawu omveka bwino," ndinatero.

"Iyi mami. Iyi imagunda."

"Sindikufuna yogunda, achimwene. Ndikufuna yoti munthu akamaimba ndizimva chimene akuimba."

"Shuwa, shuwa. Siyani makiyi, kazungulireni mumsika, mupeza zili bho."

Kodi munayesapo kusankha wailesi mu Limbe? Sitolo ya kumanja ili ndi chisipika pakhomo, ya kumanzere ili ndi chake, wogulitsa mafulashi nayenso sakufuna kugonja, oitanira minibasi akukuwa. Wogulitsa amakuyatsirani wailesi mpaka pamapeto n'kufunsa kuti mwaimva? Ndaimva chiyani? Zili ngati kulawa mchere wa ndiwo mkamwa muli tsabola.

Pobwera ndinapeza wailesi yatsopano ikuphethira timagetsi tofiira ndi tobiriwira, ndipo m'buti muli chibokosi chakuda.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Wufa imeneyo mami, chisipika chogunda. Timasipika takutsogolo tija ndatidula, timalira ngati udzudzu. Ndakuganizirani ngati mayi anga."

"Anakutumani ndani?"

"Musadandaule mami, mukatsitsa voliyumu zonse zimveka. Mudzandithokoza."

Nthawi ya kwaya inali itakwana, ndinanyamuka ndikung'ung'udza. Kutchalitchi amayi a alito anapanikizana m'galimoto, tinatseka mawindo, ndinabaya fulashi ija. Chimene chinatuluka ndi ng'oma ya paukwati ndi kuponda kwa mapazi. Magalasi ananjenjemera, makiyi anayamba kuvina. Mayi Phiri, amene amadziyeza kuthamanga kwa magazi tsiku ndi tsiku, anagwira pachifuwa.

"Amayi, nyimboyi ine ndikuimvera m'mimba. Zimitsani ndisanakomoke!"

Ndinatsitsa, ndinatembenuza kabatani kalikonse. Sopulano inkamveka ngati ikuchokera kunyumba ya aneba. Mawu a Mayi Zuze sanamveke n'komwe.

Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma masiku ano safunsayo ndi wina, wodya phula ndi wina. A Mose sanandifunse kuti wailesiyo ndikufuna kumverapo chiyani. Ndinawauza ndekha ndi pakamwa pangapa, kawiri konse, koma iwo anali atadziwa kale chimene chili chabwino kwa ine. Kwa iwo mawu abwino ndi mawu aakulu, nkhani yatha.

Ndipo a Mosewo si okha. Lowani minibasi ya ku Chilobwe. Mukati "ndikutsika" kondakitala samva, mumatsika siteji ziwiri kutsogolo n'kubwerera wapansi. Pitani kuukwati. Mumakhala tebulo limodzi ndi msuweni wanu amene simunaonane naye zaka, koma mumangomwetulirana ngati anthu osamvana chinenero. Ngakhale kumatchalitchi kwathu, anyamata a zokuzira mawu amakweza mpaka liwu la abusa limachita kung'ambika. Mukatuluka wina n'kukufunsani kuti alalikira chiyani, mumangoti kunali moto.

Tinaphunzira kuti zimenezi? Makolo athu ankaimba anthu makumi opanda chokuzira, ndipo munthu wokhala kumbuyo ankasiyanitsa mawu a uyu ndi a uyo. Ife tagula zipangizo zodula kuti tisamvane. Mwana akukula m'galimoto yonjenjemera, khutu lake lidzakhala lotani akadzafika msinkhu wanga?

Lachinayi ndinabwerera ku Limbe mtima uli m'mwamba.

"Chotsani chibokosi chanucho, mundibwezere masipika anga mmene analili."

A Mose anakanda kumutu. Anati mawaya anawadulira mkati kwenikweni, kulumikiza kwake n'kophwasula kutsogolo konse, ndipo wodziwa zimenezo wapita kumudzi, ndibwere sabata ya mawa. Wailesi yakale ija anali ataipereka kale kwa wina. Kenako anandiyang'ana mwachisoni ndithu, ngati munthu amene ndikutaya mwayi.

"Koma mami, tikachotsa wufa, anthu adziwa bwanji kuti mwagula wailesi?"

Mwamva? Anthu adziwa bwanji! Ndiye kuti wailesi ya m'galimoto mwanga si yanga ayi. Ndi ya ogulitsa chimanga m'mbali mwa msewu, ndi ya wina amene waima pa siteji, kuti atembenuke n'kunena kuti akudutsa apawa zawo zinayenda. Wokhala mkati afe makutu, bola akunja adziwe. Ndinafuna kutukwana, koma ndinali nditavala chitenje cha mpingo.

Tinayesa njira zina. Tinabwereka zomvera za m'makutu, tinkapatsirana mmodzimmodzi, tinatolako chiyambi cha alito. Koma pakati pa nyimbo pali malo amene Mayi Zuze ankakwera okha n'kutsetsereka, ndipo pamenepo panatikanika.

Loweruka tinapita ku Nancholi. Mwana wawo wamkazi anawakhazika pampando pakhonde, atawamanga duku loyera. Titayamba nyimbo nkhope yawo inawala, mutu ukugwedera motsatira. Tinafika pamalo paja. Amayi a alito anayang'anizana, kenako onse anathawira mu sopulano.

Mayi Zuze anakweza dzanja lamanzere, lamoyo lija, n'kumaloza m'mwamba, kutisonyeza kuti apa kwerani. Milomo yawo inkagwedera, akuyesetsa kutipatsa mawuwo, koma sanatuluke. Misozi inatsika mbali yopotoka ija. Ine mtima unandiwawa kuposa tsiku limene ndinamva za kudwala kwawo.

Ndiye mukudziwa chimene tinachita pobisa manyazi athu? Popanda wotiuza, tonse pamodzi, tinakweza mawu.